Foni ya Chikole pa Kontena ya ku Chilinde

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha wailesi. Nditalemba mayeso a Fomu 4 kwathu ku Dedza, amalume ananditenga kuti ndikadikirire zotsatira kwawo ku Kawale. Ndinali mnyamata wamanyazi, wongotunga madzi ndi kusesa pabwalo, moti anyamata a m'deralo ankanditcha Abusa chifukwa ndinkapisira malaya ngakhale popita kuchigayo. Tsiku lina wailesi ya amalume inasiya kulira. Ndinaitsekula ndi mpeni, n'kupeza kawaya kothothoka, n'kukabwezeretsa. Akazi awo a amalume ankagulitsa nyemba ndi mtedza mumsika wa Chilinde, ndipo nkhaniyo anakaifikitsa kwa bambo Kachingwe, mwini kontena yokonzeramo mafoni m'mphepete mwa msikawo. Sindikudziwa kuti anawonjezerapo zotani, koma madzulo ake anandiuza kuti mawa ndisambe bwino ndikaonekere.

Bambo Kachingwe anali a ku Ntcheu, aafupi, ovala magalasi omangidwa ndi kawaya mbali imodzi. Za sukulu sanandifunse. Anandipatsa foni yakufa ndi sikuludiraiva yaing'ono ya nsonga yonga nyenyezi, n'kundiuza kuti ndiitsekule kenako ndiitseke. Tisikuluwu take ndinatiyala pa nyuzipepala motsatana ndi mmene ndinatichotsera. Iwo anayang'ana tisikuluwuto nthawi yaitali kuposa mmene anandiyang'anira ine, n'kunena kuti, "Ubwere mawa. Chakudya uzibwera nacho chako."

Poyamba ntchito yanga inali yotchaja mafoni a anthu omwe kunyumba kwawo kunalibe magetsi. Ndinkamata kapepala kumbuyo kwa foni, kulembapo dzina la mwini wake, n'kuilumikiza pa thabwa lodzaza ndi machaja. Kenako anandiphunzitsa kutsuka bolodi ya foni yogwera m'madzi ndi mswachi ndi spiriti, kusintha sikirini, kiyipadi ndi sipika, ndiponso kugwira chitsulo chowotcherera popanda kupsereza tizigawo toyandikana nato. Patapita miyezi anandilola kukhala pa kompyuta. Pamenepo m'pamene panali ntchito yeniyeni ya masiku amenewo, chakumapeto kwa zaka za m'ma 2000: kuika nyimbo mu memore khadi, kutsekula mafoni ochokera ku Joni ndi ku Mangalande kuti alandire simu khadi ya kuno, ndi kufulasha, kutanthauza kuchotsa softiweya yowonongeka n'kuthiramo ina kudzera pa kebulo ndi kabokosi kena kamene bwanawo ankakasunga m'thumba la jekete ngati mankhwala.

Inali nthawi imene mafoni olola kuikamo mapulogalamu anayamba kuchuluka m'tauni. Anthu ankabwera akufuna Baibulo la pa foni, dikishonale, magemu, ndi kapulogalamu kochezera pa intaneti. Apa m'pamene ndinkasokonezeka, chifukwa pulogalamu yomwe yalowa bwinobwino mu foni iyi inkakana mu foni ina yooneka yodula kuposa yoyambayo. Tsiku lina kulibe makasitomala, bambo Kachingwe anayala mafoni angapo pa benchi n'kundifotokozera. Anati chimene munthu amagula si chikombole chakunjachi chokha ayi, koma softiweya yoyendetsa foniyo, ndipo softiweyayo ili ndi eni ake omwe akulimbirana msika. Ena amaibwereketsa kwa makampani angapo opanga mafoni, makampaniwo n'kumalipira chilolezo. Ena, amene anayambira ku makompyuta, amaigulitsa kwa aliyense wofuna. Ena amakanitsitsa, softiweya yawo imangokhala m'mafoni awo okha basi. Poona kuti ndikungovomera koma sindikumva, anati ndiziyese ngati mipingo: uliwonse uli ndi buku lake la nyimbo, ndipo sungaimbe nyimbo ya uku ndi buku la uko.

Ndinafunsa za mafoni a ku China omwe anali atayamba kudzaza m'misika, ofanana ndendende ndi odula aja mpaka dzina lomwe. Anaseka, n'kunena kuti amenewo angovala yunifolomu ya mpingo koma sanabatizidwe. Opanga ake sanalipire chilolezo kwa aliyense, anangojambula tizithunzi tofanana n'kutiika pamwamba pa kasoftiweya kawokawo. Ndinaseka kwambiri chifukwa bwana anali ataseka, ndipo mawuwo ndinawasunga.

Kusukulu ya kumudzi ndinazolowera kuti wophunzira wabwino ndi amene waloweza yankho n'kulinena lonse mokweza aphunzitsi akumva. Ndi mmenenso ndinkachitira pa kontena. Ndinaloweza manambala oyamba ndi nyenyezi omwe ukawadina foni imaonetsa mtundu wa softiweya yake. Ndinadziwa kuti pulogalamu ikakana ponena kuti chilolezo chake chinatha, umabweza deti la foni chaka chimodzi m'mbuyo, kuiika, n'kubwezeretsa detilo. Koma bwana sanali munthu woyamikira. Ukakonza bwino ankangoti, "Ina." Ine ndinkafunitsitsa tsiku limene adzandimve ndikufotokoza zinthuzi ndekha, adziwe kuti sanataye nthawi pa ine.

Tsikulo linabwera Loweruka lina masana, nthawi ya msika wa fodya, pamene ndalama zimayenda ndipo pa kontena sipasowa anthu. Panali ena odikira mafoni awo otchaja, ndi anyamata ogulitsa mayunitsi omwe ankakonda kubisala dzuwa pakhonde pathu. Bwana anali atawerama ndi chitsulo chowotcherera. Kunabwera mtsikana wovala bwino, pamodzi ndi mayi wamkulu wonenepa, wa duku ndi ambulera. Kumbuyo kwawo kunaima mwamuna wina wachinyamata, wamtali, atanyamula majumbo a zinthu zogula mumsika. Ine ndinamuyesa wonyamula katundu waganyu, kapena munthu wodikira foni yake, choncho sindinamulabadire.

Mtsikanayo anati dzina lake ndi Tawonga, amakhala ku Area 25, ndipo mayiwo anali azakhali ake. Malankhulidwe awo anali a kumpoto. Anatulutsa foni yasiliva yotsetsereka, yokutidwa mu kampango koyera, n'kunena kuti akufuna Baibulo longa limene mnzake wa ku kwaya anaikitsa pa kontena yathu yomweyo, mu foni ya mtundu womwewo. Anaipereka ndi manja awiri, ndipo anandipempha kuti ndisakande sikirini.

Ndinachotsa memore khadi, n'kuikamo fayilo ya Baibulo, n'kuibwezera. Foni inalemba m'Chingerezi chothyokathyoka kuti fayiloyo sikuidziwa. Ndinabweza deti m'mbuyo, koma sizinasinthe. Ndinadina manambala aja, foni osayankha kanthu. Nditachotsa chivundikiro ndi batire ndinapeza malo awiri a simu khadi, chinthu chimene foni yeniyeni ya mtunduwo inalibe. Mtima wanga unadumpha ngati wa mwana amene funso limene analoweza usiku lagwa pa mayeso.

Bwana, osadzutsa mutu, anati, "Tabweretsa kuno ndiione."

Ndinayankha kuti ndaiona kale, asavutike. Kenako ndinatembenukira kwa makasitomalawo n'kuyamba kufotokoza mokweza, kuti mawu afike mpaka pa benchi ya bwana. Ndinanena za eni softiweya ndi zilolezo zawo, za makampani omwe amalipira ndi omwe salipira, ndi kuti foni iyi si ya kampani imene dzina lake lalembedwa pamwambapo. Tawonga anati mwina ndalakwitsa, chifukwa anauzidwa kuti ndi yatsopano kuposa ya mnzakeyo, n'chifukwa chake ili ndi malayini awiri. Pamenepo azakhali aja anasendera pafupi. Ananditcha mwana wawo, anati ndikuoneka kuti sukulu ndinaimva, ndipo anandipempha kuti ndifotokoze bwinobwino kuti nawonso okalamba amve. Chibwerereni m'tauni palibe munthu wamkulu amene anali atandiyamikirapo chotero. Ndinatsekula kabati, n'kutulutsa foni yakufa yeniyeni ya mtundu womwewo, n'kuwaika ziwirizo m'manja kuti amve kusiyana kwa kulemera. Ndinawaonetsa malembo osalongosoka a pa batire. Bwana anatsokomola, ine n'kuyesa kuti ndi utsi wa chowotcherera. Pomaliza ndinanena mawu aja, oti foniyi yangovala yunifolomu koma sinabatizidwe.

Anyamata a mayunitsi anafa nazo kuseka. Wina anabwereza mawuwo kwa mnzake amene sanamve. Ine ndinayang'ana kwa bwana kuti ndione ngati akumwetulira, koma anali atazimitsa chitsulo chake, akundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

Azakhali aja anatembenukira kwa mwamuna wa majumbo uja. Sanakweze mawu.

"A Maliko, mwamva? Ndiye chikole cha kwanuko n'chimenechi? Nanga ng'ombe za malowolo, nazonso zidzakhala za ku China?"

Apa m'pamene ndinadziwa kuti munthuyo anali bwenzi la Tawonga, ndipo foniyo inali mphatso imene anapereka posonyeza kuti watsimikiza za banja. Anyamata aja anasekanso, koma ena mwa iwo anayang'ana kumbali. Maliko anaika majumbo pansi, kenako anawanyamulanso. Anayankha mwaulemu kuti wogulitsa m'tauni anamuuza kuti ndi yabwino, ndipo iye anaikonda chifukwa cha malayini awiriwo, kuti netiweki ina ikavuta azitha kupezana pa inayo. Atangotsekula pakamwa ndinamva kuti ndi munthu wa kwathu, wa cha ku Dedza komweko. Mawu ake ankatuluka ngati a achimwene anga.

Azakhali anati iwo nkhawa yawo si foni, koma munthu amene amabweretsa chinthu china n'kuchitcha dzina lina. Anati kunyumba akafotokoza zimene amva ndi makutu awo kwa katswiri, ndipo potero analoza ine ndi ambulera. Tawonga anatenga foni, batire ndi chivundikiro zili padera padera, n'kuzikulunga mu kampango kaja. Ndinafuna kumuuza kuti deti ndinalisiya lili m'mbuyo, koma anali atatembenuka kale. Anachoka atatu, azakhali patsogolo, Maliko pambuyo ndi majumbo.

Bambo Kachingwe anadikira mpaka nthawi yotseka. Tikulowetsa benchi anandifunsa kuti mtsikana uja anabwera kudzafuna chiyani. Ndinati Baibulo. Anandifunsa ngati anafunsapo zoti foniyo ndi ya orijino kapena ayi. Ndinati sanafunse.

"Ndiye yankho linali loti Baibulo limeneli mu mtundu uwu sililowa," anatero. "Zinazo unkauza ndani?"

Tonse awiri tinkadziwa kuti ndinkauza iwowo. Anati iwo akanailandira foniyo sakananama, koma akanamuuza mtsikanayo payekha zimene foni yake singachite, n'kumuonetsa zimene imachita bwino, monga wailesi ndi sipika yake yamphamvu, n'kumuikira nyimbo za kwaya. Akanafuna kudziwa zambiri akanabweranso yekha. Anatinso nthabwala ya yunifolomu ija inali ya m'kontena, ya anthu awiri, osati ya pakhonde. Sanandikalipire ndipo sanandichotse ntchito. Ndikanakonda akanandikalipira.

Patapita masiku, Maliko anabwera yekha chakumadzulo, atavala ovolosi yonunkha fodya. Ankagwira ntchito ya nyengo m'nyumba zosungiramo fodya ku Kanengo. Nditamuona ndinafuna kulowa pansi pa benchi, koma iye anandipatsa moni wa ulemu, kunditcha achimwene, n'kutulutsa foni ija m'thumba la pulasitiki pamodzi ndi chaja yake. Anati wamva kuti pano timafulasha mafoni, ndiye akupempha kuti tichotse softiweya yabodzayo tithiremo yeniyeni, kuti Baibulo lija lilowe. Ndinayang'ana kwa bwana. Bwana anati kasitomala ndi wanga, ndimuyankhe ndekha.

Ulendo uno ndinalankhula motsitsa, moti anachita kuwerama kuti amve. Ndinamuuza kuti sizingatheke. Zam'kati mwa foniyo zinali zosiyana, ndipo eni softiweya ija anaipanga kuti izigwira m'mafoni a makampani okhawo amene anapangana nawo n'kulipira chilolezo. Titayesa kuikakamiza, foni ikanangofa osayakanso. Iye anaganiza pang'ono, n'kufunsa kuti, "Nanga chilolezocho nditalipira ineyo, pang'onopang'ono?"

Ndinamuuza kuti chilolezocho sagulitsa kwa munthu, amagulitsa kwa kampani. Anagwedeza mutu ngati munthu amene wauzidwa kuti basi yomaliza yapita kale.

Kenako anandifotokozera, ngakhale sindinafunse. Akwawo kwa Tawonga anamubwezera foniyo kudzera kwa ankhoswe ake, ndi uthenga woti a kuchikazi akufuna aganizenso bwino. Kwathu chikole chikabwezedwa aliyense amadziwa tanthauzo lake. Anati iye ankadziwa ndithu kuti foniyo inali yotsikirapo mtengo kusiyana ndi za m'mashopu akuluakulu, koma ankayesa kuti wapeza mwayi, sankadziwa kuti m'kati mwake ndi mosiyana. Maganizo ake anali oti ikakonzeka aitumizenso, Baibulo lili momwemo, kuti aone kuti sanali wachinyengo. Popeza zakanika, anati aigulitsa ayambe kusunga za yeniyeni, ndipo anandipempha kuti ndimusamutsire zithunzi zonse mu memore khadi, chifukwa iye sankadziwa podina.

Ndinayatsa foniyo. Pa sikirini panali chithunzi cha Tawonga atavala yunifolomu ya kwaya, akuseka, dzanja lili pakamwa. Deti linali likadali la chaka cham'mbuyo, mmene ndinalisiyira. Ndinalikonza, ndinasamutsa zithunzizo, n'kukulunga khadiyo mu kapepala. Pomupatsa ndinayesa kupepesa, koma mawu anatuluka osalongosoka. Iye anati, "Inu munangonena zoona, achimwene. Olakwa ndine." Anafunsa kuti alipire zingati, bwana anamuuza kuti apite.

Mawu akewo anandipweteka kuposa chipongwe chilichonse chimene akanandinena. Zoona ndinanenadi, koma sindinazinene pofuna kuthandiza mtsikana uja. Ndinazinena kuti bwana amve kuti ndinaloweza.

Maliko sanabwerenso. Nkhani za mumsika zimayenda, ndipo akazi awo a amalume anadzamva kwa mayi wina wa ku Area 25 kuti Tawonga anamutumiza kwa abale ku Mzuzu kukachita kozi. Nyengo ya fodya itatha, ogwira ntchito ya nyengo anabalalika, ndipo ndikuganiza kuti Maliko anabwerera kumudzi. Nditawauza bambo Kachingwe, anati ndisadzizunze kwambiri, chifukwa azakhali aja sankamufuna mnyamatayo kuyambira kale, pokhala waganyu komanso wa mtundu wina. Anati mayiwo anabwera mumsika akufunafuna mpeni, ndipo akanaupeza kwina kulikonse. Mwina n'zoona. Koma amene anawanolera mpeniwo n'kuwapatsa m'manja, anthu akuonerera, ndinali ine.

Pasanapite nthawi yaitali, bwana anabwera kuchokera ku kafe ya intaneti ndi nkhani yoti kwatuluka softiweya ina imene eni ake akuipereka kwa kampani iliyonse yopanga mafoni popanda kulipiritsa chilolezo. Iwo sankakhulupirira kuti ipita patali. Anati chaulere sichikhalitsa. Koma m'zaka zotsatira inafika mpaka m'mafoni otchipa a m'misika, ndipo softiweya ija imene ndinkaitamanda pakhonde, ya mafoni a orijino, inazimiririka moti ana a masiku ano sakuidziwa n'komwe. Tsiku loyamba limene ndinaika Baibulo mu foni yotchipa ya malayini awiri, n'kulowa popanda kukana, ndinangoiyang'anitsitsa foniyo ili m'manja mpaka mwini wake anandifunsa ngati yawonongeka. Maliko anangofulumira kugula. Anthu amene ankakangana za zilolezo kutsidya kwa nyanja sanamumvepo dzina, ndipo ine amene ndinali naye pafupi sindinafunse n'komwe kuti ndi ndani.

Ndinakhala ndi bambo Kachingwe zaka zingapo ndisanatsekule benchi yangayanga ku Area 23. Zambiri zimene ndinaloweza nthawi ija zinatha ntchito, kabokosi kofulashira kaja n'kosathandizanso. Chimene ndinatsala nacho ndi kachitidwe kamodzi. Munthu akandipatsa foni, ndisanachotse chivundikiro ndimayamba ndayang'ana amene wabwera naye, mpaka amene waima kumbuyo ndi katundu. Kenako ndimafunsa ngati foniyo anagula yekha kapena anachita kupatsidwa. Akati anagula yekha, ndimamuuza zonse, ngakhale zowawa, kuti asadzapusitsidwenso. Akati ndi mphatso ya mwana wawo wa ku Joni, kapena ya amuna awo, kapena akangomwetulira osayankha, sindinama, koma ndimayankha chokhacho chimene wafunsa, ndipo ndimachinena motsitsa mawu. Zotsalazo amadzazimva akabweranso yekha n'kundifunsa.